Kanyumba ka Mbande Kali kwa Amidu

Okondedwa amalume a Blasius,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kwa Nsamala tilipo, kungoti dzuwa lalusa ngati tinalilakwira.

Kanyumba kapulasitiki munanditumizira kaja kanagwira ntchito, mbande za tomato zinamera mpaka anthu kumabwera kudzaonerera. Ndiye ine nditapita ku Liwonde, Amidu, wa dimba loyandikana ndi langa uja, anakanamiza amayi kuti ndamubwereka, n'kukanyamula. Mbande zanga nkhuku zinamaliza tsiku lomwelo.

Sindinakalipe, iyayi. Dzulo Amidu anandifunsa za kanyumbako wopanda ndi manyazi omwe, "Aise, kodi masana umatsegula?" Ine ndinati, "Utsegulirenji? Tseka ndithu, mphepo ingalowe." Amalume, dzuwa la ku Balaka mu Okutobala mukulidziwa. Pofika Lachisanu mbande zake zikhala zitapsa, angothira mchere.

Za Ophelia, chibwenzi changa chija, musandifunse. Tomato ameneyu ndi amene ndimati ndikaonekere naye kwawo, koma masiku ano iye akumathirira dimba lina. Mwina mwamva kale.

Munditumizireko mbewu ina. Kanyumbako ndikakatenga Loweruka, pokamupepesa maliro a mbande zake.

Ndine muphwa wanu,
Clever