Dayamondi wa Pachulu cha Amayi

Kwa Kapichi,
Thyolo.

Achimwene a Winston,

Ndiyambe ndi kukufunsani moyo, poti ndi mmene amayi anatilelera. Muli bwanji ku Botswanako? Alamu ndi ana akudzuka bwanji? Kuno mvula ikugwa bwino, tiyi waphukira m'minda ya anzathu. Za m'munda mwathu mumva m'munsimu.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni simumva za munthu. Mumalankhula nokha ngati wailesi, ndikati ndiyankhe mwadula kale. Ndapatsira a Ben, adalaivala a thiraki aja, pamodzi ndi kaphukusi. Kaphukusiko musatsegule musanamalize kuwerenga.

Mukukumbuka mmene zinayambira? Munabwera pamaliro a amayi mutavala jekete yonyezimira ya kumgodi. Dothi la pamanda lisanaume, inu munali mutaima kale pachulu cha m'munda wa tiyi, mukufikisa dothi m'manja. Munati ku Jwaneng komwe mumayendetsa galimotoko, amene anaulula dayamondi ndi chiswe. Akuti chimakumba pansi penipeni n'kutulutsa timiyala tofiira, ndipo pomwe pali timiyalato dayamondi sakhala patali. Munatchula Kimberley, Marange, Angola, mpaka ku Russia komwe akuti amakumba nthaka itauma gwa ndi kuzizira. Nditafunsa kuti pamayiko onsewo Thyolo akubwera pati, munaseka. Munati mkazi wothyola tiyi asalowerere za pansi pa nthaka.

Ine munandilephera, ndiye munazungulira kwa alamu anu a Blackson, bambo a ana anga. Munadziwa kuti mkamwini sangakanire mwini mbumba. Mutabwerera kwanuko, mavoisi anu ankangolowa m'foni mwawo ngati mvula ya mawawa. Munawauza kuti akasefe dothi la chulu kumtsinje. Anatenga sefa yanga ya ufa! Timiyala tofiira anatipezadi, tating'ono ngati nthanga za therere. Atakutumizirani chithunzi, inu munayankha kuti basi talemera, akumbe.

Anakumbadi. Dengu la ku esiteti komwe ankathyola tiyi analipachika, akapitawo anatuma anthu mpaka anatopa n'kulemba wina. Chulu chinatha, chomwe chija chinkatipatsa ngumbi chaka ndi chaka, chimene amayi ankachifunditsa masamba a nthochi mvula ikayamba. Chitatha munati mwala umatsata mtsetse, azule tiyi. Mizere yonse yakumtunda inazulidwa ine ndikulira.

Achimwene, tiyi ameneyo amayi anabzala ali ndi mimba yanu. Sukulu munaphunzira ndi masamba amenewo, laisensi yomwe mukudyerayo inachokera momwemo. Tiyi si bonongwe woti uzule lero mawa wamera.

Ndinakuimbirani. Ndinati dzenjelo lili pamtunda, ndipo dothi lathu lofiirali likakhuta madzi limayenda. Munayankha kuti dzenje la ku Kimberley likhoza kumeza mudzi wathu wonse koma anthu akukhala bwinobwino m'mbali mwake.

Mwezi wathawu mvula inagwa yosalekeza ndipo dzenje linadzaza. A Blackson analowamo ndi ndowa kuti akape madzi, poti munawauza kuti wamgodi weniweni saopa matope. Khoma lakumtunda linagumuka n'kuwakwirira mpaka pachifuwa. Tinawafukula ndi manja, ine ndi mwana wanga Gracious, ndi anthu amene anamva kukuwa kwathu. Mwendo unathyoka pawiri. Akadali kuchipatala. Adokotala akuti kuyenda adzayenda, koma zobereka dengu la tiyi pamtsetse aiwale.

Nanga inu munatumiza chiyani? Voisi ina! Pepani munalibe m'menemo. Munati dothi likagumuka ndiye kuti tayandikira, ndipo pa Isitala mukubwera ndi mnzanu wa makina okumbira kuti mudzamalize theka lotsalalo, chifukwa inu monga mwini mbumba mwalamula kale. Ndinaimveranso kachiwiri, ndimayesa makutu akundinamiza. Aaa, achimwene! Manyazi munawasiya pabodala?

Theka limenelo ndi lomwe tikudyera. Ndikathyola m'mawa thirakitala n'kutenga masamba, ndi momwe timapezera sopo, mchere, ndi thiransipoti yokawaonera alamu anu. Mukalizula, ndidzadyetsa chiyani ana ndi munthu wolumala? Kimberley?

Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Mwambo wathu mukuudziwa: munda ndi wa ife ana aakazi, inu kwanu ndi komwe munakwatira. Mwini mbumba amasunga alongo ake, sawakumbira dzenje. Ngati dayamondi akukuyabwani m'manja, kumbani pakhonde panu komweko, muone ngati apolisi akumeneko akusekerereni.

Sindikubisirani, ndakwiya nanu. Ndinakhalapo ndikukunyadirani pamjigo kuti ndili ndi mlongo kunja, lero anthu omwewo akumandiloza kuti uyo mkazi wa dayamondi.

Lamlungu lapitali mbumba inakhala pansi kwa amayi aang'ono a Teleza. Ndinawaikira mavoisi anu onse kuti amve, palibe yomwe ndinabisa. Kenako a Teleza anati munthu amene wamva kuti mlamu wake wakwiririka, iye n'kumaitanitsa makina, sangasunge mbumba. Palibe anakuikirani kumbuyo, ngakhale mmodzi. Umwini mbumba mwalandidwa. Aupereka kwa a Mathew, mwana wa a Teleza, aja munkawaseka kuti akukalambira kugulitsa nthochi ku Thekerani. Iwowo ndi amene anawanyamula alamu anu panjinga.

Ndiye makina anuwo akabwera adzapeza a Mathew pamsewu. Akawadutsa, adzandipeza ine nditakhala pamzere woyamba wa tiyi. Adzayambe kukumba ine.

Patsala nkhani imodzi. Chinkhoswe cha Gracious chilipo mu Juni. Mwanayu munamutcha dzina ndinu, ndipo kuyambira ali wamng'ono ankauza anzake kuti amene adzamuimire ndi amalume a ku Botswana. Ine sindinamuuze chochita. Iye mwini, zikhadabo zomwe zinazuka pofukula bambo ake zisanamere n'komwe, anapita kwa a Mathew kukawapempha kuti akhale ankhoswe ake. Anati pamwambopo dzina lanu lisadzatchulidwe, ndipo suti imene munalonjeza kugulira bambo ake muvale nokha.

Tsopano tsegulani kaphukusi kaja. Mupeza timiyala tonse tomwe a Blackson anasefa kuyambira tsiku loyamba. Sitinadzaze ngakhale kabokosi ka machesi. Gawo lanu la m'munda wa amayi ndi limenelo, lonse. Kaonetseni abwana anu kumgodiko. Chotsala n'chathu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, iwo sanandilakwire. A Teleza akuti moni wawo ukhale wa ana okha.

Mulungu akusungeni komweko.

Ndine mlongo wanu,
Lestina.