Pa Ana Mwalemba Ziro

Bambo a Yankho,

Musadabwe kupeza pakhomo potseka, makiyi ali kwa aneba athu, mayi a Safina. Pepani, mwana wanuyu wasolola envelopu ya mapepala anu a viza aja pansi pa matiresi n'kuitayira tiyi. Mtima m'malo, sanaonongeke. Ndawayanika pabedi limodzilimodzi, ndipo kalata ya ku yunivesite ija ndaisita, yawongoka bwinobwino.

Koma poyanikapo ndawerenga fomu yofunsira viza ija. Sukulu ndinalekezera Folomu 2 chifukwa cha mimba ya Yankho yemweyu, koma maso sindinawasiye m'kalasi. Pamene akufunsa ngati muli pabanja, mwachonga kuti ayi. Pa ana mwalemba ziro. Ndiye amene amakudzutsani m'mawa uja kuti “adadi” ndi wa aneba?

Ndikudziwa muyankha kuti ukwati wathu ndi wa chinkhoswe, ulibe satifiketi, azunguwo sangaumvetse. Chabwino. Nanga bwanji simunandiuze, miyezi itatu yonseyi envelopu mukuibisa pansi pa matiresi? Munthu woti akaphunzira zaka ziwiri n'kubwerera kwawo safufuta mkazi ndi mwana papepala.

Ndakwera kabaza, ndapita ku Matawale kwa ankhoswe athu, amalume a Alufeyo. Mukaweruka mundipeze konko, ndipo mubwere ndi fomu ina yosalembapo. Mawa m'mawa tikalembetse ukwatiwu kwa a DC, dzina langa ndi la mwana alowe pafomupo ine ndikuona.

Pasipoti musavutike n'kuifuna. Ndaimangirira m'chiuno ndi chitenje, muilandira mukasaina.

Ndine,
Mayi a Yankho