Makina Asuntha Ine Kulibe

Lachisanu, 14 Malichi 1986, Hillbrow.

Mtima sunakhazikike lero. Mzungu wa fulati yapansi wadandaulira adona amene ndimawagwirira ntchito kuti dzulo masana makina ochapira anagwedeza siling'i yake. Koma dzulo ndinali pa ofu, adonanso anali kuntchito. Makinawo ndawapeza atasuntha kuchoka kukhoma, kamphira kamene ndinaika pansi pa mwendo waufupi kali poteropo. Amavina chotero ukaikamo bulangete limodzi lokha.

Bulangete la Yusufu, mlamu wanga amene ndikumubisa m'chipinda changa, likununkhira sopo wa adona. Ndamufunsa. Akuti, "Alamu, ine ndi makina a azungu? Ndinachapa pamanja."

Yusufu alibe pasi, chiphaso cha boma chomulola kukhala kuno. Mzungu uja akanakwera kudzagogoda, akanapeza ndani? Kiyi wa kukhitchini sindimusiyanso pamsomali, ndigona naye m'thumba.