Kabotolo ka Mumtengo wa Mapeyala

Lachinayi, 6 Febuluwale

Mvula chidzukireni. Pa siteji ya njinga pano pa Limbuli anthu zii. Ulendo umodzi wokha, thumba la makaka mpaka ku Muloza, basi. Ndikulemba nditabisala pakhonde la golosale.

Lero linali tsiku la sikelo. Mkazi wanga Enifa wabwerako nkhope ili ndwii, kabuku ka Thoko kali m'jumbo. Mwana watsikanso. Mwezi watha anatsika, uno watsika. Chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, koma ukamunyamula ngati wanyamula zovala zake zokha. Lamba woyeza pamkono wafika pachikasu. Akafika pofiira ndiye kukagonekedwa.

A Diana azaumoyo akuti anamufunsa pamaso pa amayi onse: "Inu, mtengo wa mapeyala uli pakhomo panu, nthambi kuchita kuthyoka, mwana n'kumamwa phala lamadzi?" Enifa akanati chiyani?

Ine ndinangoti tiona. Tiona chiyani, Jailosi iwe?

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndilembe pano poti buku silinena.

Mapeyala aja si athu. Ndinagulitsa mu Disembala, adakali ang'ono ngati mazira a nkhunda, kwa Lackson, wogula zipatso wa ku Limbe. Amatero anthuwa: kugula mtengo wonse uli chiimire, n'kudzathyola zikakhwima. Ndalama inalowa mu feteleza ndi tayala la njinga. Sindinamwere mowa, Mulungu ndi mboni.

Vuto, mtengowo anabzala ndi malemu bambo ake a Enifa. Ine pano ndine mkamwini, ndinabwera ndi chikwama ndi njinga. Mkamwini kugulitsa za eni mudzi osawauza? Akanandipitikitsa mvula ikugwa.

Ndiye nzeru zanga za nkhuku. Kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa. Makala osinja. Timafuta tophikira. Nthenga ziwiri za nkhanga, kansanza kofiira. Ndinakapachika panthambi yoyang'ana kunjira. N'kuuza Enifa ndi apongozi kuti ndatsirika mtengo kwa sing'anga wa ku Milanje chifukwa cha akuba, wothyola kapena kutola atupa, ndipo womasula ndi sing'anga yemweyo. Ndinakometsera nkhani ngati mlaliki.

Kagwira ntchito kuposa ka sing'anga weniweni. Mudzi wonse ukulambalala. Ana asukulu akudutsa pakhomo pathu mothamanga. Apongozi mbuzi zawo akuzimangirira kutali.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

M'mawa phala la mgaiwa ndi mchere. Masana makaka ndi chigwada chopanda nsinjiro. Mango anatha. Nthochi zinapita ndi matenda a chisaka, patsala zitsa. Nanazi amene ali pamsika ndi a anthu a magalimoto. Thoko akalawa masipuni awiri, basi, kutembenuza mutu. Tsitsi layamba kufiira, lapyapyala.

Mphepo yagwetsa mapeyala asanu. Thoko anapita dzandidzandi, n'kutola limodzi, kulikumbatira ndi manja awiri, akuseka. Sabata yonse ino sanasekepo. Enifa anatulukira kukhitchini ngati wapsa, n'kumumenya padzanja, phaa! Mwana kulira mpaka kubanika. Enifa kumusambitsa manja ndi sopo katatu, nayenso misozi ili chuchuchu.

Ine ndili pomwepo, ndikupopa njinga. Tayala linali lokhuta kale. Ndinapopabe.

Kenako ndinatola onse asanu n'kukaponya m'thumba kuseri kwa bafa, kusungira Lackson. Mwini mankhwala satupa, eti.

Ndikudzida.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Yabwera ina. Tsempho.

Apongozi salankhula nane maso ndi maso, ndi mwambo. Amalankhula ndi khoma, ine ndizimvera. Dzulo anauza khoma kuti: "Mwana saonda chabe. Alipo wamudumpha pakhomo pano." Ndiye kuti ine ndili ndi mkazi wina kumalire, ndabwera ndi moto wake m'nyumba, mwana n'kumafota. Asa! Mkazi wachiwiri ndimudyetsa chiyani, masipoko a njinga?

Pobwera kutchalitchi Enifa anachepetsa liwiro mpaka anthu atatipitirira. Anati: "Bambo a Thoko, maso anu sakundiyang'ana masiku ano. Pali chimene mukubisa. Ndi ndani? Nenani, timupezere mwana mankhwala." Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Wokalipa ndinali ine. Kulumbira, kuloza kumwamba, mpaka agalu a kwa eni kuuwa. Mkazi ndilibe, zoona. Koma Enifa waona bwino. Ndikubisa. Wangophonya chimene ndikubisacho.

Thoko kumsana, mutu uli lende, osatukula.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ndapalasa mpaka pa Chonde, kumene Lackson amakwezera katundu. Njira yonse ndimaloweza mawu opempha: achimwene, mundikhululukire, mwana wadwala, mundipatseko khumi okha mwa akugwa aja.

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Akuti: "Akugwawo ndi anu, bambo. Ine ophwanyika ndikagulitse kwa ndani? Bola osathyola amumtengo."

Kalanga ine. Sindinamufunse n'komwe mu Disembala muja, ndinangoganiza ndekha kuti wogula mtengo wagula ndi apansi omwe. Masiku onsewa mapeyala akuolera kuseri kwa bafa, ntchentche ng'waa, mwana wanga akumwa madzi a mgaiwa.

Adzathyola pa 27.

Ndabwerera ndikuimba, chitsiru ine. Ndimati zatha.

Loweruka, 22 Febuluwale

Sizinathe.

Ndinavundika atatu m'madeya. Lero limodzi lafewa bwino, mkati chikasu ngati batala. Ndinatsitsa kabotolo, n'kupita nalo peyala kwa Enifa. Ndati mayi a Thoko, mankhwala aja ndamasula, mupotere mwana m'phala.

Anabwerera m'mbuyo, mwana atamufungata. "Munati womasula ndi sing'anga yemwe anamanga. Mubwere naye, ndimuone ndi maso anga."

Ndikamutenge kuti? Ku Milanje ndimadziwako osintha ndalama ndi ogulitsa matayala basi. Ndinaganiza zolemba ganyu mkulu wina wandevu adzavine pansi pa mtengo. Ndafika pamenepo, ine mwana wa mkulu wa mpingo.

Peyala ndadya ndekha kuseri kwa nyumba. Linali lokoma.

Lolemba, 24 Febuluwale

Mapazi a Thoko atupa. Ukadina ndi chala, kadzenje kamatsala.

Atupa. Liwu lomwe ndinanena ine, lomwe ndinalipeka ndikumanga kansanza. Enifa anakhala pansi m'matope n'kuyamba kudzimenya pachifuwa. Akuti ndi peyala lija mwana anatola, akuti wamupha ndi iye posamuyang'anira. "Ndinali kukhitchini, Mulungu wanga, ndinangotembenuka pang'ono!"

Pamenepo ndiye ndinalephera kupirira. Ndanena zonse. Lackson, Disembala, feteleza, tayala, makala, nthenga. Pabwalo, apongozi ali pomwepo, anthu oyandikana nawo atatsamira mpanda. Ndinatenga kabotolo n'kutsegula, n'kumwa iwo akuona. Makala ndi mafuta a miyezi iwiri padzuwa. Ndinasanza mpaka misozi. Apongozi kukuwa kuti taonani, ayamba kumugwira mwini wake!

Enifa anangondiyang'ana. Anati: "Dzulo mankhwala, lero makala. Mawa mudzati chiyani?"

Ndikanena zoona, akuti ndikuthawa mlandu wa mankhwala. Ndinawaphunzitsa bwino kuopa.

Ndawakweza panjinga onse awiri mpaka kwa a Diana. Lamba pofiira. Sanatikalipire, anangolemba kalata ya kuchipatala cha ku boma n'kutiuza kuti tisadutsenso kunyumba.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Enifa ali kuchipatala ndi mwana. Amuna satilola kukhala m'chipinda cha ana, ndimangopita ndi chakudya cha Enifa n'kubwerera. Thoko akumupatsa mkaka wa kuchipatala pang'onopang'ono, maola aliwonse. Dzulo anandiona, sanatambasule manja.

Lackson wabwera ndi lole ndi amuna atatu. Kukwera, kuthyola ndi ndodo zamatumba kunsonga, akuimba nyimbo za mpira. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera, kudikira kuti wina atupe agwe. Palibe anatupa. Mmodzi anadya peyala lakupsa lomwe anapeza paudzu, ananyambita ndi zala zomwe.

Ndimati apongozi aona okha. Iwo anauza khoma kuti anthu a m'tauni amayenda okhwima kale. Kenako anauzanso khoma lomwelo kuti mtengo wa malemu amuna awo wagulitsidwa ndi munthu wobwera ndi chikwama, ndipo ankhoswe akumana mwana akatuluka.

Akumane. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndikudziwa. Andithamangitse, bola mwana atuluke ndi mapazi ake.

Madengu anadzaza lole. Mumtengo mwatsala masamba ndi kachingwe kamene ndinamangira kabotolo.

Lachisanu, 7 Malichi

Atuluka dzulo. Kutupa kwaphwa. Tsopano ndiye akuoneka mmene waonderadi, timikono ngati bango. Koma maso akuyenda, wakoka nkhuku mchira.

Atipatsa mapaketi a chiponde. Anamwino akuti azidya chimenecho choyamba, ndipo akayamba kufuna phala lisakhalenso lamadzi: nsinjiro, dzira likapezeka, masamba osinja, chipatso tsiku lililonse. Akuti nyengo ino chapafupi ndi peyala. Sikelo Lachinayi likudzali. Akatsikanso, kubwerera kuchipatala.

Enifa akundiyankha mawu amodziamodzi. Madzi ali apo. Chakudya icho. Ndinamufunsa ngati wamva zimene ananena adokotala, kuti ndi njala, si mankhwala, si tsempho. Akuti: "Ndamva. Mwina ndi zoona. Koma cha mumtengo umo mwana wanga sadzalawa, kaya chaka chino kaya chamawa."

Sindinatsutse. Mkazi wagona pansi pa bedi la mwana masiku khumi, ine ndimutsutse ndi pakamwa pomwe pano?

Ankhoswe akuti Lamulungu likubwerali lapanikiza, adzakumana linalo.

Lolemba, 10 Malichi

Pa Limbuli mapeyala alipo, koma aang'ono, amadzimadzi. Ndinati ayi, mwana wanga adye enieni. Ndinapeza katundu wopita ku Chonde, matumba awiri a chinangwa, ndiye ndapita.

Amayi a m'mbali mwa msewu ayala milu. Ndikuyenda, ndikudina, ena osakhwima, ena oola. Mpaka mulu wina kumapeto. Khosi lalitali lopindika pang'ono, khungu lofiirira mbali imodzi. Ndinaima. Mapeyala amenewa ndingawadziwe ngakhale nditatseka maso, ndakhala ndikuwayang'ana kuyambira ali maluwa. Ndinafunsa mayiyo kuti awapeza kuti. Akuti anapikula kwa Lackson, otsala pa lole, omwe sanayenere ku Limbe. Anawayamikira kwambiri. "Awa ndi amafuta, bambo, a kwa Limbuli uko. Simudzawapeza ena otere."

Ee, mayi. Ndikudziwa.

Ndinazungulira msika wonse kufuna ena abwino ngati amenewo. Kunalibe. Ndagula awiri. Ndinanenerera mtengo, anakana kutsitsa. Kugula peyala la pakhomo panga, n'kunena zikomo.

Ndafika dzuwa likadalipo. Enifa anali atapota phala la Thoko. Analandira jumbo, kudula limodzi pakati, kuchotsa nthanga, kukanya ndi supuni m'kambale kabuluu. Thoko ataona anayamba kudumphadumpha pamwendo pa mayi ake, manja m'mwamba. Enifa anatunga supuni. Kenako anaima, n'kutenga khungu lija, kulitembenuza, kuliyang'anitsitsa. Nayenso anakulira pansi pa mtengo umenewo.

Anati: "Bambo a Thoko, ndiyang'aneni. Peyala ili ndi la kuti?"

Tsiku lija ndinamwa makala ndinalumbira kuti sindidzamunamizanso mkazi ameneyu. Ndinalumbira ndi mtima wonse.

Thoko anali atayasamula kale kukamwa, kudikira supuni.

Ndinamuyang'ana Enifa m'maso. Ndati la ku Thyolo.

Anandiyang'anabe nthawi yaitali. Kaya wakhulupirira, kaya wangosankha kukhulupirira, sindikudziwa, ndipo sindidzafunsa. Supuni inalowa.

Wadya masipuni khumi ndi limodzi. Ndimawerenga. Kenako kulira kuti amupatse kambale anyambite yekha.

Linalo ndaliika m'madeya, la mawa.