Chipewa cha a Yohane

Utale, Loweruka, Okutobala 1946. Kunja kunatentha, koma mtima wanga uli m'malo.

A Yohane, amene akundifunsira, anabwera kudzaonekera kwa atsibweni atavala chipewa cha usilikali chopinda mbali imodzi. Anati anachokera nacho ku Burma. Tsoka ilo, atsibweni anamenya nkhondo komweko.

Anachipempha, nachitembenuza, nanunkhiza m'kati. Kenaka anamasula mbali yopindayo.

"Mwana wanga," anatero atsibweni, "chipewa choyenda padzuwa chimasuluka, koma kuseri kopindaku kumatsala kwakuda. Ichi mtundu ndi umodzi ponseponse. Chikopa cham'kati sichinamwepo thukuta. Chikununkha sitolo."

Ine manyazi anandigwira. A Yohane anazolika, nati, "Ndinagula ku Balaka. Ndinamva kuti atsikana a masiku ano safuna mlimi."

Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola. "Iyayi, bola mlimiyo! Mutu umene unavala chenicheni sugona usiku, umangokuwa. Kafunseni akazi anga."

Anawabwezera chipewacho kuti azikalimira, ndipo anati ankhoswe abwere Lamulungu.

Ine ndinadziwa kale kuti n'chogula. Munthu wothawa nkhuku ya anapiye angafike ku Burma? Komabe mmene chimawakhalira chipewacho, amayi inu...