Mwana wanga ndi pulambala, koma kwanga kukudontha

31 Meyi: ine malita 11,200, asewere 6,900.
30 Juni: ine 11,500, asewere 5,300.
31 Julayi: ine 11,900, asewere 4,800.
Malire a mtengo wotsika: malita 8,000.

Aphungu,

Ndaphunzitsa masamu zaka 34, choncho manambalawa musawakayikire. Mita ya madzi ya asewere, amayi ake a mkazi wa mwana wanga, ili pafupi ndi geti. Ndimaiwerenga ndikapita kukawaona, n'kulemba m'kope langa.

Khonsolo itakweza mtengo wa madzi, ine sindinadandaule. Pamsonkhano ndinaimirira kuikira kumbuyo, chifukwa mapaipi a mumsewu wathu aphulika kasanu ndi kawiri chaka chino ndipo atsopano sagulidwa ndi malovu. Anati wopitirira malita 8,000 azilipira kawiri, kuti osakaza aphunzire. Ndinaomba m'manja. Lero wosakazayo ndine.

Ndimakhala ndekha. Ndimasamba theka la ndowa, madzi otsukuluzira zovala ndimakolopera, maluwa anga khumi ndi awiri ndawasiya afote. Vuto ndi thanki ya m'chimbudzi. Ndikatseka mipopi yonse, mita imayendabe malita 200 patsiku.

Mwana wanga yekhayo ndi pulambala. Zida zake zoyamba ndinamugulira ndine. Mtengo utangokwera, anapita kwa apongozi ake, n'kusintha mipopi inayi, n'kuika thanki yokololera madzi a padenga. Asewerewo, amene m'nyumba mwawo muli anthu asanu, anandiyendetsa pakapinga wawo wobiriwira. Amvekere: "Asewere, munandiberekera golide. Mkamwini wangayu akangogwira mpopi, bilu imagwada." Ndinaseka nawo, koma tiyi wawo anandiwawa ngati mankhwala a malungo.

Kwa ine amabwera ataimika galimoto osazimitsa. "Amayi, zonse zili bwino?" Ndimati zili bwino. Khomo la chimbudzi ndimalisiya lotsekula dala kuti amve yekha madzi akulira. Sanamvepo. Kodi mayi wobereka achite kulemba kalata yofunsira thandizo, ngati kasitomala?

Loweruka mdzukulu wanga akwanitsa zaka zisanu ndipo tonse tikakumana kwa asewere. Ndikufuna kukawerenga kope langali pamaso pa onse. Kapena ndiitane pulambala wina, lisiti ndimutumizire mwanayo?

Kuwonkhetsa miyezi itatu: madzi otayika, malita 18,400. Maulendo ake kwa apongozi, 14. Kwa ine, atatu.

E. N. M., nyumba yomaliza pamsewu wa kusukulu

Amayi E. N. M.,

Masamu anu ali bwino, koma mwaiwala mzere umodzi. Mwamuuza kangati mwana wanu kuti thanki ikudontha? Ziro. Mwamuuza kangati kuti zonse zili bwino? Katatu. Iye wakhulupirira amayi ake, ndiye mukufuna kumulanga chifukwa cha zimenezo.

Asewere anu sanakubereni mwana. Ndikuganiza kuti anangotsegula pakamwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo inu mwatsekula cha chimbudzi chokha.

Lero lomwe tsekani kampopi kolowetsa madzi m'thankiyo, muzithira ndi ndowa. Mawa m'mawa muimbireni foni. Mawu ake ndi ochepa: "Mwanawe, thanki ikudontha, bwera ndi zida." Nthawi zambiri chimakhala kalabala kotha, kotsika mtengo kuposa sopo wa mwezi. Akafika, muuzeni azimitse galimoto. Akamaliza, mukhazikeni pansi, mumuuze chimene chikukupwetekani zenizeni, chifukwa si bilu ayi: mumamusowa. Zimenezo muzinene ndi pakamwa, kope lili m'kabati.

Pulambala wachilendo musamuitane. Adzakonza thanki, koma lisitilo lidzang'amba china chimene alibe zida zake. Mita ya eni ake isiyeninso. Tsiku lina adzakupezani mutawerama pageti ndi cholembera.

Chenjezo langa ndi la Loweruka. Mukakawerenga kopelo paphwando la mwana wa zaka zisanu, anthu adzavomereza kuti manambala ndi oona, koma mu Ogasiti mzere wa maulendo obwera kwa inu mudzalembapo ziro. Mzere umenewo mudzauwonkhetsa nokha.

Aphungu