Tsiku la chiliza chanu ndinali pa chiwongolero

Amayi anga, kumene mulikoko kukuyenda bwanji?

Ndine Lufeyo. Kuno ku Doha ndadzuka, thupi lili bwino, kungoti mtima ndi umene sukukhala pansi. Lero ndi Lachisanu, tsiku langa lopuma, ndiye ndakwera basi kubwera ku Mansoura kwa a Tembo, anzanga a ku Chipata amene tinkalondera limodzi. Iwo agwira cholembera, ine ndikungoyankhula. Mukaona mawu akupita uku ndi uku musadabwe, mukundidziwa.

Ndiyambe ndi zabwino kaye. Mlongo wanga Esinati anachira, mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu. Akuti makutu ndi anu enieni. Munda wanu wa kudambo analima mlongo wanga Maligita, soya anachita bwino koma mtedza unakana. Mbuzi yanu yoyera ija inaswa tiwiri, kamodzi anagwira agalu a kutsidya. Mpongozi wanu, mkazi wanga, ali bwino, amangodandaula msana. Khitchini yanu denga linagwa ndi mphepo, palibe amene wafolera, aliyense akuti achita mawa. Inu mukanakhalapo bwenzi mutaima pakhomo manja m'chiuno, mukuti kodi mukudikira kuti udzu ukwere wokha?

Tsopano nkhani imene ndabwerera. Pa chiliza chanu sindinabwere. Mukudziwa kale, munaona nokha kuti ine panalibe. Pa maliro anu ndinali ndi ponamizira, kolona inali itavuta, ndege sizinkayenda bwino, ku ntchito anandikaniza. Koma ulendo uno ndikufuna mumve kwa ine mmene zinakhalira, musangomva za amalume zokha.

Malamulo atasintha kuno, akuti munthu utha kusiya ntchito n'kulowa ina osapempha kalata kwa bwana wakale, ndinasiya ulonda wa ku Dafna. Ndinalowa udalaivala panyumba ina ku Nuaija. Bwana wake ndi munthu wofatsa, sakalipa. Ali ndi amayi awo okalamba, onse amawaitana kuti Yuma, ndiye kuti amayi m'chiyankhulo chawo. Amenewo ndiye amakalipa. Shuga ali nayo, miyendo yotupa, mpweya amapumira wa m'botolo, koma pakamwa pokha mpabwinobwino. Dzina langa linawakanika, amangoti Lufi.

Kunyumbako sindinauze munthu kuti inu munatisiya. Ndinali wachilendo, komanso ndinkaona kuti sibwino kulowetsa nkhani ya maliro m'nyumba imene muli wokalamba wodwala. M'meto woyamba unandipita, ndiye ndinalumbira kuti tsitsi langa silikhudzidwa mpaka amalume adzandimete pa chiliza. Ndinkalipanikiza m'chipewa cha ntchito, kuchivala kuyambira mmawa mpaka kuweruka. Palibe analiona.

Amalume atandiuza kuti chiliza chikhala kumapeto kwa Okutobala, mvula isanagwe, ndinati ndipemphe tchuthi. Ndiye apa mpamene ndinalakwitsa, kapena sindinalakwitse, kaya. Inu munkatiuza kuti mwana waulemu sapempha ataimirira, komanso wamkulu sumamuuza kuti ndipatseni, umamufikitsa pafupi kuti aone yekha. Ndinachita momwemo. Ndinanjuta pakhomo pa chipinda chimene bwana amachezeramo ndi alendo, ndinati bwana, kwathu mvula yayandikira. Iwo anasangalala. Anati mashala, Mulungu atamandike, mvula ndi dalitso, n'kubwerera pa foni yawo.

Kachiwiri ndinatsuka sutukesi yanga n'kuiyanika pafupi ndi geti, pamene amadutsa akamapita ku mzikiti. Masiku awiri ili pamenepo. Anangondiuza kuti ndiichotse, ikugwira fumbi. Kachitatu ndinatuma khukhi wa panyumbapo, bambo wachikulire wa ku India, kuti akandiyankhulire ngati mmene timachitira kwathu. Iye anangokanena kuti dalaivala akufuna holide. Bwana anandiitana, anati mafi mushkila, palibe vuto, tikabwerako ku ulendo. Ine ndinati chabwino bwana. Basi. Chabwino bwana. A Tembo akupukusa mutu apa, koma lembani choncho, ndi mmene ndinanenera.

Ulendo wake unali uwu. A Yuma anali ndi mng'ono wawo amene anakwatiwa ku Saudi, kutali kumapiri, tauni yake dzina limandivuta. Zaka zinapita osaonana. Poyamba boda inatsekedwa chifukwa cha mikangano ya akuluakulu, itatsegulidwa kolona nayo inali ili mkati. Tsono kunabwera uthenga woti mng'ono uja wadwalika. Ndege a Yuma sangakwere, ndiye anati tipite pa karavani.

Amayi, karavani ndi galimoto koma ndi nyumba. Mkati muli bedi, chimbudzi, firiji, pophikira, ngakhale posambira. Kutalika ngati basi. Kuno kutentha kukayamba kuchepa, miyezi ino, eni dziko amatulutsa zimenezi kupita nazo kumchenga kukacheza. Tinayenera kunyamuka kumayambiriro kwa mwezi, n'kubwerako kukadali sabata kuti chiliza chichitike. Ine ndinawerengera pamenepo, ndipo Esinati ndinamuuza kuti ndibwera ndithu. Koma mapepala a pa boda anachedwa, kuyezetsa kolona, kuyezetsanso chifukwa pepala loyamba latha masiku. Tinanyamuka Lolemba, chiliza chili Loweruka la sabata yomweyo.

Tinali anayi. Ine, bwana, a Yuma, ndi Gilesi, mayi wa ku Kenya amene amawasamalira. Msewu wake, Amayi, ndi wowongoka mpaka maso kuwawa. Mchenga uku, mchenga uku, ngamila zitaima ngati zikudikira munthu. Mmawa kumazizira bwino, kamphepo ngati ka mu Meyi kwathu. Ndikathamangitsa pang'ono ndinkangomva kumbuyo, Lufi! Shwaya shwaya! Ndiye kuti pang'onopang'ono. Ndikachepetsa, Lufi! Yala, fulumira, wagona kodi? Masiku atatu choncho. Tsiku lililonse ndinkati lero ndinena, tikaima pomwetsa mafuta ndinena. Tikaima, ndimaona bwana akuwapukuta amayi awo mapazi, mawu amabwerera.

Chimene chinkandipweteka n'choti ine ndikuyendetsa mayi wa eni atagona pa bedi, firiji ili pambali, pamene inu munapita kuchipatala pa ngolo ya bambo Jelemani, mutagona pa mphasa. Mwana wanu dalaivala, koma sindinakukwezenipo galimoto ngakhale kamodzi. Munkati ukadzagula yako ndidzakhala kutsogolo, anthu andione. Dikirani a Tembo. Ayi, lembani, ndili bwino.

Tinafika Lachinayi dzuwa lili pamutu. Pageti panali nsapato zambirimbiri za azibambo, ndipo ine ndinadziwa bwana asanatsike. Mng'ono uja anamwalira Lachitatu, ife tili pamsewu, ndipo anaika tsiku lomwelo. Kumeneko sagoneka maliro. Abale anaopa kuimba foni kuti a Yuma angakomoke m'njira.

A Yuma sanalire. Anakana kutsika. Anangoti ndipititseni kumene mwamuika. Abale anawauza kuti kumeneko azimayi salowa kumanda. Iwo anati ndani wanena zolowa? Lufi, yala.

Manda ake ndi ozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa, wautali kuposa munthu. Koma zenera la karavani lili pamwamba. Anandiuza kuti ndiigundike ku mpandako, ndinaisendeza mpaka galasi la m'mbali linatsala pang'ono kukhudza khoma. Gilesi anawadzutsa, anawatsamiritsa pa zenera. Nanenso ndinasuzumira ndili pa mpando wanga. Amayi, kulibe chiliza ngakhale chimodzi. Timilu ta dothi basi, mwala kumutu, mwala kumiyendo, popanda dzina. Onse ofanana. Bwana analowa ndi msuweni wawo, anayenda mpaka pakati, n'kuima pa kamulu kena, n'kukweza dzanja kuti amayi awo aone kuti ndi apa. Anakhala atakweza choncho nthawi yaitali. Pamenepo mpamene ndinamva a Yuma akuitana mng'ono wawo dzina, katatu, motsitsa.

Ine ndinatsika. Ndipo mukudziwa, munthu sungaime pa manda chipewa chili kumutu. Sindinaganize n'komwe, dzanja linangochita lokha. Tsitsi la miyezi yonse ija linangoti fwaa, lopotanapotana, ngati la wamisala wa pa msika.

Bwana potuluka anaima n'kundiyang'ana. A Yuma nawo anali atandiona pa zenera. Anati Lufi, chimenecho n'chiyani? Ndiye ndinanena. Ndili chiimire, pamsewu, chipewa kumanja. Ndinati amayi anga anamwalira mu Januwale, sindinawaike, tsitsili ndi lawo, mkuja kuli chiliza chawo ndipo mwana wamwamuna ndine ndekha. Bwana ankamasulira. Atamaliza, a Yuma anatulutsa ndodo yawo pa zenera n'kuwagogoda nayo bwana paphewa, munthu wa imvi zake. Anati haramu, tchimo limeneli, munthu amadya m'nyumba mwako, iwe osadziwa kuti alibe mayi? Kenako ndodo inaloza ine. Anati nawenso, pakamwa unapatsidwa pa ntchito yanji? Mawu anu enieni, Amayi, kungosiyana chiyankhulo.

Bwana anagwira foni pomwepo. Anati pali eyapoti yaikulu kunsi kwa mapiri, msuweni wawo andiperekeza, ndikayezetsa kolona madzulo omwewo, Lachisanu ndikwera ndege. Pasipoti inali m'thumba mwanga, masiku ano timasunga tokha. Mwina ndikanafika Loweruka masana. Mwina mwambo ndikanaupeza uli mkati, mwina utatha, koma anthu ndikanawapeza asanabalalike.

Tsono mvetsani apa. Kumapiri kuja mpweya ndi wochepa, ndipo a Yuma anali atayamba kubanika, milomo kuda. Dokotala wa kumeneko anati mawa lomwe atsike, abwerere kwa madokotala awo. Dalaivala wina wa mapepala owolokera boda sakanapezeka msanga. Bwana anati ndiyendetsa ndekha. Amayi, bwana ndinawaonapo akubweza karavani imeneyo kunyumba, anagwetsa geti. Ndiye msewu wotsika mapiri aja ndi wokhotakhota, mbali ina phompho. Komanso munthu wake maso ali psuu ndi kulira.

Palibe anandikakamiza. Izi ndiye ndikufuna zilembedwe bwino. A Yuma anati pita. Bwana anati pita. Gilesi anati m'bale wanga, ukapusa apa usadzalire. Ine ndinapita kuseri kwa karavani, ndinakhala pa mwala, ndinaganiza. Ndinati amayi anga agona kale, sangagwenso m'phompho. Awa akupuma. Ndinabwerera, ndinati bwana, kiyi ndisunga ine.

Loweruka tinali pakati pa mchenga. Foni inkanjenjemera m'thumba, ine manja ali pa chiwongolero. Titaima pomwetsa mafuta ndinatsegula. Maligita anatumiza vidiyo. Ndinaona amayi a mvano atavala zoyera akuimba nyimbo imene munkaikonda ija, ndinaona amalume akuchotsa nsalu. Chiliza n'chabwino, Amayi, cha matailosi otuwa, amisiri sananame. Esinati anagwada mwana ali kumsana. Amuna a Maligita ndi amene anaima pamene ndikanaima ine. A Yuma anaitanitsa foniyo, anaonera mpaka kumapeto. Kuyambira pamenepo mpaka ku Doha sanandikalipirenso, ndipo ine ndinkalakalaka atakalipa.

Tinafika bwino. A Yuma anagona m'chipatala masiku angapo, pano atuluka, akudya.

Amalume sakundiyankha foni. Anauza Esinati kuti mwana amene wasiya manda a mayi ake chifukwa cha Aluya asadzawavutitse. Esinati akuti ndinachita bwino. Mpongozi wanu akuti zonse zinayamba ndi ulemu wanga wopusawo, ndikanangonena poyamba paja bwenzi bwana atapeza dalaivala wina nthawi ilipo. Ameneyo ndiye akunena zoona, ndipo n'zimene zimandiluma. Kolona sindingainamizire, malamulo sindingawanamizire. Poyamba ndinakanika kuyankhula, kachiwiri ndinasankha ndekha.

Tikiti ili m'manja tsopano, bwana anadula okha, ya mwezi wamawa. Ndidzapeza anthu ali kumunda, kopanda nyimbo, kopanda wondiperekeza kupatula Esinati woti akandilozere njira, pakuti pamene munagona sindipadziwa. Ndikafika ndidzamuuza abwerere. Ndidzakhala pansi pambali panu mpaka dzuwa lipendeke.

Aliyense wanena zake pa nkhaniyi, Amayi. Inu nokha ndi amene simunanene. Ngati n'kukalipa, sungani, mudzandikalipire ndili pompo. Ndikubwera ndithu.

Ndimakukondani mpaka pano.

Ndine mwana wanu,
Lufeyo